Bokosi la Pamwamba pa Ngolo

A Fryson Namakhwa anali munthu wamfupi, wa kamimba kotsogola, koma mawu awo anali aakulu osayenerana ndi thupi. Akapereka moni pakhomo la tchalitchi ku Landover, amene ali kutsogolo ankatembenuka. Mawu amenewo ndiwo anali chuma chawo chonse, ndipo amene anawatseka pakamwa ndine Robin, munthu amene anamugoneka pa sofa yawo miyezi isanu ndi itatu. Ndanena izi poyambirira kuti wina asawerenge nkhaniyi akuganiza kuti wolembayu ndi munthu wabwino.

Ndinafika ku America mu Ogasiti 1992 kudzaphunzira za makompyuta ku Fairfax. Ndinali ndi sutikesi imodzi, jekete yopyapyala, ndi kapepala ka nambala ya foni kamene anandipatsa mayi wina wa ku Limbe. Mayiyo anangoti ndikasowa mtengo wogwira ndikaimbe pamenepo, ndi a kwathu ku Thyolo. Ndinasowadi mtengo wogwira tsiku lomwelo, chifukwa mwini nyumba amene anandilonjeza chipinda anali atalowetsamo kale munthu wina. Nditaimba nambala ija, a Fryson anabwera pa galimoto yokhosomola, atavala yunifomu yoyera ya kuntchito, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndiwe wowonda iwe," anatero. "Kwera, a Mable akakukonze."

A Mable anali akazi awo. Onse awiri ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kusambitsa anthu, kuwatembenuza pabedi, kuwadyetsa ndi supuni. Sanandifunse kuti ndikhala masiku angati. Anangonditambasulira bulangeti pa sofa n'kundionetsa mmene amayatsira madzi otentha.

Mbiri yawo ndinkaimva pang'onopang'ono, chifukwa sanali munthu wokhala pansi n'kuyamba kuti ndinabadwa chaka chakuti. Anabadwira pafupi ndi esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo atakula anakhala mesenjala wa mu ofesi ya pa esitetipo. Masiku amenewo kunkabwera galimoto ya kanema kamodzi pamwezi. Ankapachika chinsalu pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, anthu n'kukhala pa udzu. Tsiku lina mu 1958 chimkuzamawu chinafa filimu itangoyamba, ndipo anthu anayamba kung'ung'udza n'kutola mphasa zawo. A Fryson anakwera pa mgolo n'kuyamba kufotokoza zimene zinkachitika pachinsalupo. Anthu anakhalanso pansi. Mzungu wa galimotoyo ataona zimenezi sanavutikenso n'kukonzetsa chimkuzamawu, anangowalemba ntchito iwowo. Anayenda nayo galimotoyo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Thyolo, Mulanje mpaka kuseri kwa phiri. Itasiya kuyenda anakhala khukhi wa mzungu wina wa bungwe, amene anabwera nawo ku Arlington mu 1984. Mzunguyo atamusamutsira dziko lina, iwo anatsala.

Anthu ambiri akafika kuno amasiya ntchito yawo yakale pabwalo la ndege. Ndinadziwa aphunzitsi aakulu amene ankakolopa, ndi kalaliki wa khoti amene ankanyamula makatoni. A Fryson yawo sanaisiye. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, fulati yawo inkadzaza, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, mpaka ena kukhala pa masitepe. A Mable ankapachika bulangeti pawindo kuti mulowe mdima. Matepi ake a Fryson ankawatola m'dengu la pakhomo la sitolo, mmene amaikamo zinthu zimene zakanika kugulidwa. Onse anali a makauboyi akalekale, opanda mtundu, ongooneka zakuda ndi zoyera.

Mafilimu ake analidi osauka. Ngolo inkadutsa pa thanthwe limodzi lomwelo kanayi. Mbava imene yaphedwa koyambirira inkaonekanso kumapeto itangosintha chipewa. Mfuti zake sizinkatha zipolopolo. Nkhani inali imodzimodzi chaka ndi chaka: ngolo yonyamula anthu yokokedwa ndi akavalo, bokosi lachitsulo lomangidwa pamwamba pake, mbava zomanga mipango kumaso, ndi wapolisi wa nyenyezi pachifuwa amene ankafika mochedwa nthawi zonse koma n'kupambanabe.

Lamulo la m'nyumbamo linali limodzi, loti mawu a wailesi ya kanema atsekedwe. A Fryson ankaima pambali pake ndi mpini wa tsache, n'kuyamba ndi kukhosomola kawiri.

"Awo mukuwaonawo ndi a Nyenyezi," ankatero akuloza wapolisi uja. "Dzino likuwawawa kuyambira Lachiwiri, koma ntchito ya boma sidziwa dzino. Kavalo wawoyo dzina lake Sabata, chifukwa sathamanga asanapume. Uyo wamanga mpango kumasoyo musamuope, ndi Chimpango, mkamwini wa kwa Goliati. Anathawa kulima munda wa apongozi ake, ndiye akubisa nkhope kuopa kuti amuzindikira."

Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Akavalo ankalankhula, oyendetsa ngolo ankadandaula za akazi awo, ndipo mzungu aliyense wogwa pa kavalo anali ndi mudzi wake ndi mfumu yake. Koma kanema akaonetsa bokosi la pamwamba lija, a Fryson ankatsitsa mawu, mpini uja n'kuuloza pansi.

"M'bokosimo muli munthu," ankatero. "Anapita kukagwira ntchito kutali, wafera komweko, tsopano akupita kwawo. Mayi ake ali pamphasa, akudikira. Mbavazi zikuganiza kuti muli chuma. Zikalitsegula n'kupeza kuti mulibe kanthu, zilitaya kuphompho, ndipo munthuyu sakafika."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munkakhala chete. Ngolo ikapendekeka pa mwala, amayi ankagwira pakamwa. Kumapeto ngolo ikalowa m'tauni, wapolisi uja ankavula chipewa. Ine ndinkaona bwinobwino kuti akuvulira mtsikana wa tsitsi lopotana amene waima pakhonde, koma a Fryson ankati akuvulira maliro. Ankangoti, "Wafika," ndipo anthu ankayankha chapansipansi kuti zikomo. Ena ankapukuta m'maso. Ambiri mwa anthu amenewo anali atamva za imfa ya mayi kapena bambo awo pa foni, n'kulephera kupita chifukwa cha mapepala. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinazilumikize ndi bokosi lija, ngakhale ndinali munthu wophunzira kulumikiza zinthu.

Chaka choyamba ndinkaseka nawo ndi mtima wonse. Kenaka ndinasamukira ku Fairfax, ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito pa kampani ina yogwirira ntchito boma. Ndinagula mataye asanu. Chichewa changa chinayamba kutulukira m'mphuno. Ku Landover ndinkapitabe, koma ndinkaima chakukhomo nditapinda manja, ndikumwetulira ngati mlendo amene akuonerera gule wa eni ake. Ndinali ndi kamera ya vidiyo imene ndinajambulira chipale chofewa, galimoto yanga yatsopano, ngakhale agologolo a pa yunivesite. A Fryson sindinawajambulepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mu Okutobala 1995 ndinatenga chibwenzi changa kupita nacho kumeneko. Dzina lake anali Tasha, mphunzitsi wa ku Arlington, wobadwira konkuno. Njira yonse ndinkamupepesa zinthu zisanachitike. Ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yaing'ono, kuti anthu ake ndi aphokoso, kuti kuli mdala wina amene amachita zachimidzi ndi mafilimu akale. Iye anangoti ndisiye kudandaula.

Atafika anavula nsapato n'kukhala pansi pakati pa amayi, pafupi ndi a Chitalu, nesi wa ku Lusaka amene sankaphonya Lamlungu. Chichewa sankamva, koma ankaseka ena akaseka, ndipo ankandikoka thalauza kuti ndimumasulire. Ndinkamasulira monyinyirika, mawu awiri pamene a Fryson anena makumi awiri. Itafika nthawi ya bokosi, m'nyumba munati zii. Tasha anandinong'oneza kufunsa chimene chachitika, ndipo ndinamuuza.

"That's beautiful," anatero. Kenaka anafunsa ngati nkhani ya filimuyo inalidi yotero.

Linali funso wamba. Ndikanatha kugwedeza mutu, kapena kumuuza kuti tikambirana m'galimoto. Koma ine m'funsomo ndinamva zimene munalibe. Ndinamva ngati akuti anthu akwanuwa satha kumva ngakhale filimu ya ana, ndipo iwenso ndiwe mmodzi wa iwo. Limoti inali pa mkono wa sofa, sofa yomwe ija, ndipo ndinaitola n'kukweza mawu.

Chingerezi chinalowa m'nyumbamo ngati munthu wolowa osagogoda. Pakanemapo mzungu wa ndevu zam'mlomo ankauza woyendetsa ngolo kuti asamale, chifukwa m'bokosimo muli golide wa banki.

"Mwamva?" ndinatero mokweza, ndikuseka. "Akuti gold ya bank. Mulibe maliro m'menemo, madala. Zaka zonsezi mwakhala mukungotinamiza."

Ndinkaganiza kuti anthu aseka nane. Anaseka ndi ana okha, ndipo mmodzi ananena m'Chingerezi kuti iye ankadziwa kale kuti simukhala munthu wakufa. Akuluakulu anayang'ana pansi. A Chitalu ananditembenukira.

"Iwe Robin, manje takufunsa?" anatero. "Ba Fryson, musamumvele uyu. Kambani chabe."

A Fryson anali ataima pomwe paja, mpini uli m'mwamba. Anautsitsa pang'onopang'ono n'kuutsamiritsa kukhoma.

"Zikomo, a Robin," anatero. "Ophunzira atithandiza."

Sanandiitanepo kuti a Robin chiyambire. Ndinali iwe, ndinali mphwanga, nthawi zina wowonda. Anakatenga kampando ka kukhitchini n'kukhala, manja ali pa mawondo, n'kuyamba kuonera filimuyo ngati wina aliyense. Palibe amene analimba mtima kutsekanso mawu, ndipo ine limoti inali ikadali m'manja mwanga ngati khasu la wakuba. Tinamvera Chingerezicho mphindi makumi anayi. Filimuyo inali yachabechabe, anthu ake olankhula ngati akuwerenga kalata ya boma. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina akuti ali ndi shifiti, wina akuti mwana akudwala. Ngolo inakafika m'tauni m'nyumbamo mutatsala anthu asanu.

Pobwerera, titawoloka mtsinje kulowa ku Virginia, Tasha anandifunsa ngati bambo amenewo ndi omwe aja ndinkamuuza kuti anandisunga. Ndinavomera. Chibwenzicho sichinafike Khirisimasi.

Lamlungu lotsatira a Mable sanapachike bulangeti. Anthu anabwerabe milungu iwiri kapena itatu, n'kumwa tiyi, n'kukamba za kumudzi, koma panalibe chowasunga mpaka madzulo. Pofika Januwale anali atabalalika, aliyense ku fulati yake ndi wailesi yake. Kutchalitchi a Fryson ankandipatsa moni ndi manja awiri, atawerama pang'ono, monga amachitira munthu kwa bwana. Moni umenewo unkandipweteka kuposa mbama. M'malo mokapepesa ndinachita zimene amantha amachita, ndinasintha tchalitchi. Chaka chonse ndinkapemphera ku Fairfax pakati pa azungu, ndikudziuza kuti Landover ndi kutali ndipo mafuta akwera.

Amene anandifukula ndi a Mable. Anandiimbira foni Loweruka lina masana, kumayambiriro kwa 1997.

"Robin, wamwalira?" anafunsa.

"Ayi, mayi, ntchito yachuluka. Ndili busy kwambiri."

"Busy wa chiyani? Tamvera. Iwe ukuganiza kuti bambo akowa samva Chingerezi? Munthu waphikira azungu zaka khumi, munthu amakangana ndi madokotala pa za mankhwala a odwala ake, akalephere kumva kauboyi? Bwera kuno udye. Ine ndatopa kukhala ndi munthu wachete m'nyumba."

Anadula foni. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinali nditakhala m'nyumba yoteroyo chaka chathunthu osazindikira.

Ndinapita mawa lake nditanyamula matepi asanu ndi limodzi a makauboyi amene ndinawasaka m'masitolo atatu. Ndinawapeza akusita yunifomu pabalaza. Anali atachepa thupi. Analandira matepiwo, n'kuwerenga mayina ake mokweza m'Chingerezi chomveka bwino, limodzi ndi limodzi, osafulumira. Ndikukhulupirira kuti anachitira dala, ndipo ndinayenera zimenezo. Ndinagwada pa kapeti.

"Bambo, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

"Dzuka, ung'amba thalauza la ku office," anatero. "Ndinakukhululukira lisanafike Lolemba. Khala apo."

Ndinakhala pa sofa. Iwo anapitiriza kusita, ndipo analankhula akuyang'ana kolala ya malaya.

"Bambo anga anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Patatha zaka ziwiri kunabwera kalata ndi bokosi lachitsulo. Munali bulangeti, nsapato ndi lumo lometera ndevu. Munthuyo anamukwirira komweko, sitidziwa kuti pati. Amayi anakhala pamphasa sabata yathunthu, akuti mwina akubwera m'mbuyo. Ndiye tsiku lija chimkuzamawu chitafa, ndakwera pa mgolo, ndikuona pachinsalu bokosi ngati lomwe lija, zogwirira zake zomwezo. Ndinayang'ana anthu. Theka la anthu amenewo linali ndi wake ku Joni kapena ku Halale amene sanabwerere. Iwe ukanawauza kuti akhale pa udzu maola awiri akudera nkhawa golide wa mzungu?"

Ndinawapempha kuti Lamlungu likubweralo ayambirenso, ndipo ndinalonjeza kuti ndiimbira foni aliyense, ndidzapachika ndekha bulangeti, ndidzapepesa pamaso pa onse.

Anaimika simbi n'kundiyang'ana.

"Robin, m'nyumba muno munali ma nurse, munali aphunzitsi, munali munthu wa degree ziwiri. Ukuganiza kuti ndiwe wekha unkadziwa za golideyo? Onse ankadziwa. Tinkangogwirizana osakambirana kuti Lamlungu masana m'bokosimo mukhale munthu, ndipo akafike. Chinthu chotero chimakhalapo pamene palibe wachitchula. Ndikaimanso apa n'kunena kuti muli munthu, onse adzayang'ana limoti. Madzi akatayika saoleka, mphwanga."

Ananditchulanso mphwanga, ndipo ndinaganiza kuti mwina pakapita nthawi afewa. Ndinayamba kupita Lamlungu lililonse. Ndinkawakonzera galimoto, ndinkawaperekeza kokagula zinthu, ndipo nthawi zina ndinkaika tepi mwa dala n'kutseka mawu, ngati ndaiwala. Iwo ankaonera ali chete. Tsiku lina ndinaona milomo yawo ikugwedezeka pamene Chimpango ankatsika phiri. Atazindikira kuti ndikuwayang'ana, ananyamuka kukathira madzi m'ketulo.

Mu Malichi 1998 anagwa kuntchito akunyamula wodwala. Anafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo lilime linakana. Munthu uja ankamveka kuseri kwa bwalo la mpira ankangotulutsa mpweya, maso okha ndi amene ankalankhula. A Mable anandiuza kuti madokotala sakulonjeza kanthu.

Lamlungu lina masana ndinapita kuchipatala n'kupempha anamwino kuti andibwereke wailesi ya kanema ya matayala imene inali ndi choikamo tepi. Ndinaikankhira m'chipinda chawo, ndinatseka makatani, ndinaika tepi n'kutseka mawu. Limoti ndinaisiya pabedi. Ndinapinda nyuzipepala kuti ikhale mpini, ndinaima pambali, n'kukhosomola kawiri. A Mable anali pampando pafupi ndi windo.

"Awa ndi a Nyenyezi," ndinayamba. "Akukwera kavalo. Kavaloyo ndi Sabata. Tsopano akupita. Akupitabe."

Ndinali nditakonzekera sabata yonse, ndinalemba ngakhale nthabwala pa kapepala, koma zithunzi zinkathamanga kuposa pakamwa panga. Ndikamafuna dzina la mbava, mbavayo inali itagwa kale. Sizinathe mphindi zitatu ndinali nditauma pakamwa, ndangoima ndi nyuzipepala m'mwamba pamene akavalo akuthamanga opanda phokoso. Bokosi lija linaonekera pamwamba pa ngolo. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu amene ndinawapha ndekha anakana kutuluka.

A Fryson anatambasula dzanja lamanzere, n'kufufuza pa bulangeti mpaka kupeza limoti. Anakweza mawu. Mpaka lero sindidziwa ngati anandimvera chisoni kapena anandibwezera. Tinaonera filimuyo mpaka kumapeto, m'Chingerezi. Anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi.

Anthu anasonkhana monga timachitira, ndipo anagwirizana kuti thupi lipite ku Thyolo. Fulati ija inadzazanso mpaka pa masitepe, koyamba chichitikire zija. A Mable sakanatha kupita, chifukwa mapepala awo anali asanatuluke, ndipo akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwerera ku ntchito yawo. Panafunika munthu woperekeza. Ndinaimirira ndisanaganize n'komwe. A Chitalu anandiyang'ana.

"Yenda iwe," anatero. "Koma ukafike naye."

Tinadzera ku Joni, ndipo kumeneko tinachedwa tsiku lathunthu. Pamene tinkatera ku Chileka, lole ya abale ndi amayi oimba inali itabwerera dzulo lake. Anatsala ndi mphwawo wa a Fryson, a Ackim, ndi kagalimoto kakang'ono kapamtetete. Bokosi la maliro linali mkati mwa bokosi lina la matabwa wamba, lomatidwa mapepala a ndege mbali zonse, moti munthu akanati ndi firiji. Tinalikweza anthu asanu ndi mmodzi n'kulimanga ndi chingwe. A Ackim anati ndikhale kutsogolo poti ndine mlendo, koma ndinakana. Ndinakwera kumbuyo ndi suti yanga, ndinakhala pa tayala n'kugwira chingwecho.

Titadutsa Limbe tinapeza apolisi atatseka msewu ndi mtengo wogoneka pa migolo iwiri. Wapolisi wina wachikulire anabwera pang'onopang'ono, n'kuzungulira galimoto, n'kuwerenga mapepala a pabokosi. Anandiyang'ana ine, tayi yanga ndi fumbi limene linali kumaso kwanga.

"Katundu wa ku America ameneyu," anatero akugogoda thabwa ndi chala. "M'bokosimu muli chiyani, bwana?"

M'thumba la jekete ndinali ndi makalata onse, a chipatala, a ndege, a ofesi ya kazembe, olembedwa m'Chingerezi chabwino chokhala ndi zidindo. Sindinawatulutse.

"Muli munthu," ndinatero. "Anapita kukagwira ntchito kutali. Akupita kwawo."

Wapolisiyo anachotsa chala chake pa thabwa. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, anavula chipewa, n'kukodola mnzake kuti akweze mtengo. Ine ndinaweramira pa bokosilo n'kulira mokweza ngati mwana, pamaso pa apolisi ndi amayi ogulitsa nthochi, chifukwa munthu yekhayo amene akanadziwa kufotokoza zimene zinachitika pamsewupo anali mkatimo, ndipo anali atakhala chete zaka ziwiri ndi theka asanafe. A Ackim analiza injini, ndipo ndinagwiritsa chingwe kuti bokosi lisagwedezeke pa mabampu.